Timikanda ta M'jekete ya Abambo

Mvula ikayamba, chipinda cha amayi chimatuluka thukuta. Khoma limanyowa, machesi amakana kuyaka, ndipo chaka chino chuku chinafika pakolala ya jekete ya malemu abambo. Chimwalirire iwo, amayi anali asanaichapepo. Inkanunkhira utuchi, sopo wometera ndevu ndi thukuta la mpalamatabwa, ndipo m'mawa uliwonse amayi ankatsegula kabati, kulowetsamo nkhope, kenako n'kukawiritsa tiyi.

Mlamu wanga amagulitsa nsapato, ndipo palibe vuto limene iye alibe mankhwala ake. Anabwera ndi jumbo yodzaza timapaketi toyera ta m'mabokosi a nsapato, tija timalembedwa kuti osadya. Anati timikanda ta m'katimo timamwa chinyezi, ndipo tikakhuta umangotitenthetsa pang'ono, ludzu n'kuyambiranso. Koma mlamuyo dzanja ndi lolemera, pa mchere ndi pa china chilichonse. Analowetsa timapaketito m'matumba a jekete, m'mikono, pansi pa kolala, n'kulamula kuti kabati isatsegulidwe mpaka mvula itakata.

Chuku chinathadi. Koma tsiku lotsegula, amayi anakhalitsa nkhope ili m'kabati.

"Achokamo," anatero. "Bambo ako achokamo."

Ndinanunkhiza nanenso. Nsalu youma basi, ngati ya m'sitolo.

Amayi sanakalipe. Iwo sataya chinthu, ndiye masana anang'amba timapaketi tija n'kukhuthulira timikanda m'chiwaya, pamoto wochepa monga mlamu anawauzira. Tinkathetheka chapansipansi, tikunyezimira padzuwa lolowera pawindo. Kenako khitchini inayamba kusintha. Linayamba ndi fungo la mvula. Utuchi unatsatira, pambuyo pake sopo uja, pang'onopang'ono, ngati munthu akuvula nsapato pakhomo kuti asadzutse ana. Ndinapezeka ndatembenukira kuchitseko, ndikudikira kumva abambo akutsokomola.

Amayi anali atatseka maso, supuni ili m'manja. Ndinathamangira kukatseka windo kuti fungolo lisathawe, koma anandigwira mkono.

"Aleke apite, mwanawe. Akhalitsa m'kabati."

Tinaima choncho mpaka chiwaya chinangotsala ndi fungo la chitsulo. Amayi anaphula, n'kundifunsa ngati sopo wochapira analipo.

M'mawa mwake jekete inali pachingwe, ikudontha madzi.