Kuuza Njuchi za ku Cranholt

Njuchi za ku Cranholt zimauzidwa maliro. Munthu wa pamalopa akamwalira, wachibale amatenga kiyi wa nyumba ya malemuyo, amapita ku ming'oma, amagogoda, amamangirira kansalu kakuda, kenako amatchula dzina. Mukapanda kutero njuchi zimakhumudwa n'kusamuka. Alendo obwera pa mabasi kudzaona nyumba yaikulu yakale ya pamalopa ndi paki yake akamva zimenezi amaseka, ena mpaka kujambula ming'omayo. Aziseka, si kwawo kuno.

Ine ndine Thelma, ndimagulitsa tiyi ndi masikono m'khola lakale la akavalo. Bambo athu ankayang'anira nswala za m'paki. Mlongo wanga Desmond, wonditsatira pobadwa, amalima m'munda wampanda, ndipo mkazi wake Rhoda ndi amene ankasamala njuchi.

Nyumbayi inamangidwa ndi banja la a Verrall, anthu amene analemera ndi zombo zonyamula tirigu. Amati ming'oma inafika chaka chomwe anafolera denga. Njuchizo zinauzidwa za mwana wa a Verrall amene anamira ndi boti, zinauzidwa za anyamata a m'mudzi amene sanabwerere ku nkhondo, zinauzidwa za mayi athu. Dona wotsiriza wa banjalo atapereka nyumba ndi paki ku bungwe losamala zinthu zakale n'kutsirizikira m'chipinda chapamwamba, Rhoda ndiye anakagogoda, poti wachibale panalibe. Nyanja yadya kale msewu wa m'mphepete ndi mbali yaikulu ya nkhalango ya paini, koma ming'oma ija sinakhalepo yopanda njuchi.

Rhoda anamwalira ndi khansa mu Febuluwale. Tinamuika kumbuyo kwa tchalitchi cha m'paki, mphepo ya kunyanja ikutilanda zipewa. Titabwerako ndinatenga kiyi wa nyumba yawo n'kumupatsa Desmond m'manja.

"Pita dzuwa lisanalowe," ndinatero.

"Mawa, achemwali. Kwazizira, zaunjikana m'kati, sizingamve."

Mawa lake anati mvula. Kenako anati bondo. Malichi anatha, masamba anayamba kuphukira, kiyi uja ali pa msomali. Ndinkamukumbutsa, iye n'kumangoti wamva. Desmond ndi munthu woti akhoza kukuvomera mpaka iwe wemwe kutopa.

Tsiku lina ndinapita kumunda kukathyola maluwa oika pa matebulo. Ndili kuseri kwa mpanda ndinamva mawu ake. Anali atagwada pa mng'oma woyamba, chipewa chili m'manja.

"Akadali kuchipatala ku Norwich," ankatero. "Akuti muzigwira ntchito, abwera kukafunda."

Ndinapsa mtima, sindinama. Maluwa aja ndinawaponya pansi.

"Iwe Desmond, wayamba kunamiza ndi njuchi zomwe? Munthu wa imvi mbuu ngati iwe?"

"Musakweze mawu, achemwali, zikumva."

"Zimve kumene. Mlamu wanga tinamukwirira tonse, iwe unaponyapo dothi ndi dzanja lako. Norwich yake iti?"

Anaimirira movutikira, akusasa maondo. "Inu simukuzidziwa izi. Zimadziwa manja ake okha. Akamayandikira zinkasintha kaliridwe, ine ndinkamva ndili ku kabichi uko. Ndikaziuza zifa ndi chisoni."

"Ukapanda kuziuza zisamuka. Ming'oma imene yapirira nkhondo ziwiri ithere m'manja mwako?"

"Bola zisamuke zikumuyembekezera," anatero, n'kubwerera ku khasu lake.

Mkwiyo wonse unandithera pomwepo, kunangotsala chisoni. Ndinakatsekera khomo m'khitchini n'kulira, madzi a tiyi akuwira mpaka kuuma. Maliro n'kulirana, koma ungalire bwanji ndi munthu amene akuti womwalirayo abwera kukafunda?

Kunafunda. Meyi atalowa, minga ya m'mipanda inachita maluwa oyera paki yonse, ndipo njuchi zinayamba kulendewera pakhomo la mng'oma waukulu, chulu chenicheni. Aliyense wokulira ku Cranholt amadziwa tanthauzo lake. Zikatero zatsala pang'ono kunyamuka.

Ndinang'amba tinsalu pa siketi yakuda imene ndinavala pamaliro, n'kupita kwa Desmond m'mawa, zipata zisanatsegulidwe. Ndinamupeza atakhala pa tebulo, makapu awiri atayalidwa.

"Lero," ndinatero. "Ukakana ndikanena ndine, ndipo udzamva mkazi wako akutchulidwa ndi pakamwa panga pokalipapa. Sankha."

Anadzuka pa mpando. Kenako analowa kuchipinda. Ndinamva madzi akutuluka pampopi. Anatuluka atameta ndevu, atavala suti, kiyi ali m'dzanja.

Tinadutsa m'paki. Nswala zinangodzutsa mitu n'kupitiriza kudya. Titafika kumunda ndinamangirira tinsalu tija pa mng'oma uliwonse, iye ataima chapatali. Nditamaliza anayandikira waukulu uja, n'kugogoda ndi kiyi.

"Njuchi," anayamba. "Njuchi, Rhoda Gotts wamwalira. Ndinakunamizani. Sabweranso."

Anavula chipewa n'kuima njo, akudikira.

Njuchi zinkatuluka, zina zikulowa, miyendo ili yachikasu ndi mungu. Imodzi inatera pa kansalu kakuda, inayendayendapo, n'kuuluka.

"Mwina sizinamve," anatero Desmond. Anagogodanso, mwamphamvu tsopano, n'kuwerama mpaka pakamwa pake kufika pakhomo la mng'oma. "Ndati Rhoda wamwalira. Rhoda wanu uja."

Palibe chinasintha. Kaliridwe kake komweko, piringupiringu yemweyo.

"Ndiye kuti zalandira," ndinatero ine, pofuna kumulimbitsa mtima. "Zikhala, Desmond. Wachita bwino."

Sanandimve. Maso ake anali pa kakhomo kaja. Kenako anakhala pansi pa udzu wamame ndi suti yakeyo, ndipo analira kulira kumene sanalire kumanda, kukamwa kuli yasa ngati mwana.

"Ndimayesa ziima, achemwali," anatero mawu atabwerera. "Olo pang'ono chabe. Olo imodzi yokha."

Ndinakhala naye pansi pomwepo n'kumugwira mkono, njuchi zikutidutsa pamutu kupita ku maluwa.