Chipinda cha Kumalayini

Sukulu zinali pafupi kutsegulidwa, koma Eunice analibe pogona. Koleji inamutumiza kukayeserera uphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale pafupi ndi esiteti ya tiyi, kutali ndi kwawo ku Nsabwe. Ndalama ya lendi inalipo, ya nthochi zimene mayi ake, a Teleza, anagulitsa ku Masambanjati. Koma inali yomweyo basi. Ikanatayika, uphunzitsiwo ukanathera pomwepo.

Mnzake wina anamupatsa nambala ya a Blackson, amene ankati ali ndi chipinda cha lendi. Pafoni bamboyo pakamwa panali potsekemera. Anati chipindacho n'chasimenti, mpopi uli pafupi, koma pali ena akuchifuna, choncho atumize ndalama pafoni tsiku lomwelo. Eunice anali atayamba kale kudina manambala pamene mayi ake anamugwira dzanja.

"Munthu sitikumudziwa, nyumba sitinaione. Mawa tipitire limodzi."

A Blackson anawachingamira pasiteji. Sanafunse dzina la mwanayo, sanafunse kwawo, koma ndalama anaifunsa asanamalize n'komwe moni. Kenaka anatsogola mwaliwiro m'kanjira ka m'munda wa tiyi. Atafika pa nyumba zondandalikana, zofanana utoto, iliyonse ili ndi nambala pachitseko, anawadutsitsa kuseri. Apa mtima wa Eunice unayamba kukayika. Mwininyumba wanji wozembera pakhomo pake?

Tsono a Teleza ali ndi khalidwe limene Eunice limamuchititsa manyazi kuyambira ali mwana. Sadutsa pakhomo pa munthu osapereka moni, kaya minibasi iwasiye. Ataona mayi wina akutsuka dengu lothyolera tiyi, anapatuka.

A Blackson anati nthawi palibe, anthu amenewo ndi amiseche, asataye nawo nthawi. A Teleza ngati sanamve. Ananjuta, n'kulonjerana ndi mayiyo m'Chilomwe, pang'onopang'ono, mpaka kufunsana za ana ndi mvula. Mayiyo anali a Sellah. Atamva kuti alendowo abwerera chipinda cha a Blackson, anasiya dengu, n'kuwayang'ana bamboyo.

"A Blackson, mwamanga liti nyumba inu?"

Bamboyo anatsokomola, nati akapitawo akuwaitana, abwera posachedwa. Mpaka pano akubwerabe!

A Sellah anawayalira mphasa n'kuwafotokozera. Nyumba zonsezo, zimene anthu amati kumalayini, n'za esiteti. Wantchito amangogonamo, saloledwa kuchititsa lendi. Komanso a Blackson anali wantchito wa nyengo ya mvula yokha. Tiyi akachepa, ntchito imatha, makiyi amabwezedwa, ndipo aliyense wopezeka m'nyumbamo amatulutsidwa.

Eunice anakumbukira chala chake pafoni dzulo lake, ndipo anachita mantha ndi manyazi pamodzi.

"Mwanangu," anatero a Sellah, "ukamafuna nyumba, yamba waiona ndi maso ako, masana, uli ndi munthu wina. Funsa oyandikana nayo kuti mwini wake ndani. Ndipo wokuthamangitsa kulipira umuope."

Anawaperekeza kumudzi wa kutsidya kwa msewu, kwa a Angella, amene anali ndi chipinda kuseri kwa nyumba yawo. Kumeneko nakonso kukayikirana kunalipo. A Angella anamuyang'ana Eunice kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati ana asukulu anawatopetsa ndi phokoso ndi alendo osadziwika. Naye Eunice sanafune kupusanso. Ananena dzina lake, kwawo, sukulu imene adzaphunzitse ndi miyezi imene adzakhale. Kenaka anafunsa mwaulemu kuti malowo ndi a yani, madzi amatunga kuti, chimbudzi n'chiti, ndipo denga likadontha amakonza ndani. Anapempha kulowa, anayesa loko, anayang'ana kudenga.

A Angella anaseka koyamba. Anati mwana wofunsa chonchi ndiye amasamala nyumba. Anaitana mlongo wawo kuti akhale mboni, a Sellah nawo ali pomwepo, ndipo anagwirizana zonse poyera. Ndalama inatuluka pomalizira penipeni.

Mvula itatha, tsiku lina Eunice akuchokera kusukulu anadutsa kumalayini kukapereka moni kwa a Sellah, poti khalidwe la mayi ake lija anali atalitengera. Chitseko cha a Blackson chinali ndi loko watsopano. Panja panali matiresi, chidebe ndi mabuku, ndipo pamatiresipo panakhala Madalo, mtsikana wa ku koleji kwawo konkuja, akulira. Anali atalipiriratu temu yonse pafoni, ndipo nambala ya a Blackson sinkapezekanso.

Eunice anasenza matiresiwo, nati tiye, tikapemphe kwa a Angella ugone kwanga.

Ophunzira ndi makolo, musalipire nyumba imene simunaione. Pitani awiri, lonjerani oyandikana nayo, ndipo mutsimikize kuti amene mukuyankhula nayeyo ndiyedi mwini wake. Moni amene Eunice ankachita naye manyazi ndi amene anamusungira pogona.