Kabowo Kamene Kalisto Anamata

Ku Ndirande konse kunalibe munthu wosamudziwa Che Abbas, mwini shedi yokhoma zidebe pafupi ndi Makata. Anachoka kwawo wopanda nsapato, nakazungulira Joni, Beira ndi Dalesalamu, ndipo pofika 1978 anali ndi lole yakeyake ndi amisiri khumi ndi awiri omvera likhweru lake. Akayamba kufotokoza za maulendo ake, ngakhale wailesi ya aneba inkachita manyazi.

Chinamukanika n'chimodzi: kusangalatsa mayi ake, Abiti Hussain. Mayiwo anali ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndipo zaka zisanu ndi ziwiri zimene anakhala m'tauni nyimbo yawo inali imodzi: "Ndibwezeni kunyumba kwanga ku Chiradzulu, ndikaswalire komweko ndisanafe."

Nyumbayo inali ya mbiri. Anaimanga ndi malemu bambo ake a Abbas, telala, mu 1931, yoyamba ya njerwa zootcha m'mudzi monsemo, moti anthu ankachokera kutsidya kwa mtsinje kudzangoikhudza. Tsopano denga linali litagwa, mbuzi zikugonamo.

"Amayi, nyumba imeneyo ndiidzutsa!" anatero Abbas akudziguguda pachifuwa. "Odutsa pamsewu azidzavula zipewa."

Anatumiza Kalisto, mmisiri wa ku Nsanje, Mkatolika wofatsa yemwe anamangapo matchalitchi awiri. Kunapita malata, simenti, magalasi ndi penti wobiriwira. Chitseko chakale chinkayang'ana kumunda. Abbas analamula kuti chisunthidwe, chifukwa ku Joni sanaoneko nyumba yofulatira msewu. Khoma lapakati analigwetsa kuti pabalaza pakule. Makoma otsala Kalisto anawamata pulasitala wosalala ngati dzira.

Loweruka lina, kunja kutakuta chiperoni, anakweza mayi ake kutsogolo kwa lole, mlongo wake Tatu pambali, Kalisto kumbuyo pamatumba a mpunga. Pa Limbe anyamata a chipani anawaimitsa kufunsa makhadi. Abbas anatulutsa a onse, nawonjezera nkhani ya mlatho wa ku Beira imene sanaifunse.

Kumudzi anapeza anthu atadzaza, tcheyamani wa chipani atakhala pampando wa ndalema, mbuzi ziwiri zili pamoto. Nthungululu zinalira. Abiti Hussain anatsika, nakana dzanja la mwana wawo. Anapapasa mtengo wa mango wa pabwalo, n'kuyamba kuwerenga mapazi chamumtima. Pa phazi la khumi ndi chinayi anatambasula dzanja kuti akankhe chitseko, nagunda khoma.

"Mwandibweretsa kwa yani?"

"Kwanu, amayi! Chitseko chili mbali iyi tsopano, chamakono."

"Chitseko chimayenda?"

Tatu anawazungulitsa n'kuwalowetsa. M'katimo mayiwo anayenda chotsamira khoma, chikhato chikusesa pulasitala. Anazungulira kamodzi, kawiri. Kachitatu anaima pakati pa balaza.

"Kabowo kali kuti?"

Abbas anayang'ana Tatu. Abbasyo anachoka pamudzipo ali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo za kabowo sankakumbuka n'komwe.

"Achimwene, inunso!" ananong'ona Tatu. "Kaja anagoba abambo m'khoma, shehe wina wa kunyanja ya mchere atawayezera. Kosonyeza chibula, komwe timayang'ana poswali. Amayi ankaikamo dzanja asanayale mkeka."

Kalisto, ali pakhomo, anavula chipewa. "Aa, bwana, kaja kakuda kaja? Ine ndinayesa ndi njira ya makoswe. Ndinatsekapo ndi chiduswa cha njerwa."

"Khoma liti?"

Kalisto anayang'ana kumanja, kumanzere, kenako kudenga. "Bwana, onse ndinamata mofanana. Komanso chisunthireni chitseko chija, ineyo mutu sunabwerere m'malo mwake."

"Tatu, unakulira muno iwe, loza!"

Tatu analoza khoma lina, n'kubweza chala. "Linali kuchipinda. Nanga chipindacho mwachipititsa kuti?"

Nthawi ya swala ya masana inali itakwana, koma dzuwa silinkaoneka. Alendo anakhamukira m'nyumba kudzathandiza. Nkhalamba ina inati chibula chili cha ku Zomba, n'kuloza. Ina inavomera kuti n'cha ku Zomba ndithu, koma inaloza kwina. Tcheyamani, yemwe anali wa mpingo wina, anati msonkhano ugwirizane chimodzi mwamtendere. Wina anati akaonere pamzikiti wa kutsidya. Mnzake anati msewu wopita kumeneko ndi wokhota, pobwera adzakhala atasokonezekanso. Zala zinali paliponse ngati nyanga za mbuzi m'khola.

"Chete!" anakuwa Abbas. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kampasi imene anagula kwa woyendetsa sitima ku Beira. Anthu anati "Eee!" Kasingano kananjenjemera, n'kuima. Abbas anakayang'anitsitsa. Kankaloza kumpoto, inde. Nanga mzinda wa Maka, komwe kuli chibula, uli kumpoto kwenikweni, kapena chopendekera pang'ono? Chopendekera mbali iti? Maiko atatu anayendamo ndithu. Kwina konse anafikako, koma osati kumeneko.

"Sindinapemphe zala zanu, kapena wotchi yakoyo," anatero Abiti Hussain. "Muno si mwanga. Ndikwezeni pa lole. Ku Ndirande ndimadziwako poyang'ana."

Anatembenuka kuti atuluke, n'kulunjika pomwe panali chitseko chakale.

Abbas anaona msana wa mayi ake, wochepa ngati wa mwana. Anathamangira ku lole n'kubwera ndi nyundo. Zaka makumi atatu zokhoma zidebe zinamupatsa khutu lodziwa pomwe pali mphako. Anatsamiza khutu kukhoma. Go! Go! Go! Pena panalira mosiyana.

"Apa!"

Anamenya. Pulasitala anagwa, n'kuoneka njira yakale ya chiswe.

"Bwana, ntchito yanga!" analira Kalisto.

Khoma lachiwiri linatulutsa zenera limene bambo ake anatseka kalekale. Fumbi linadzaza nyumba, tcheyamani anatuluka akutsokomola, amayi ophika anasiya mapoto kudzasuzumira m'magalasi. Ena ankati mwana wa Abiti Hussain wapenga, ena ankati ndi mwambo wa ku Joni wotsegulira nyumba.

Pakhoma lachitatu, cha pachifuwa, nyundo inalowa yokha. Abbas anasolola chiduswa cha njerwa ndi zala. Kumbuyo kwake kunali kabowo kotalika ngati chikhato, kakuda ndi mwaye wa koloboyi, m'mphepete mwake mosalala ndi kugwiridwa.

Tatu anatsogolera dzanja la mayi ake. Zala zinalowa, zinapapasa m'mwamba ndi m'munsi, n'kukhala chete.

"Tatu, madzi otawazira ndisanaswali, ndi mkeka," anatero. "Enanu tulukani. Mwandichedwetsa."

Abbas anatuluka ali mbuu kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Anthu anamupatsa njira. Anatsegula pakamwa kuti alankhule mawu otsegulira nyumba amene anakonza sabata yonse, koma sanadziwe ngati ayambire pa kumanga kapena pa kugumula.

Kalisto anamuyandikira. "Ndiye bwana, mawa timatenso? Chitsekonso tichibweze, kapena chikhale?"

Abbas anayang'ana kuzenera. M'katimo mayi ake anali atayimirira pamkeka, pakati pa zigumukire, manja m'makutu.

"Usandifunse ine," anatero motsitsa mawu. "Akamaliza, ukafunse eni nyumba."