Thirakitala ya Duane Pagel

Lyle Brandvold anali atawerengera alimi a m'tauni yake m'chigawo cha Wisconsin misonkho kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo chaka chimenecho chinali chomaliza. Maso anali atatopa. Ofesi ankafuna kuisiya m'manja mwa mwana wake Marit, koma alimi sankamufuna. Mtsikanayo anali ndi mapepala a sukulu okwanira, komabe anthu aja ankamukumbukira akadali kamwana koyamwa chala pansi pa tebulo la bambo ake. Lyle ankadziwa bwino kuti alimiwo akapanda kumukhulupirira, ofesiyo itsekedwa mu Epulo, nyengo ya misonkho ikangotha.

Wouma mutu kuposa onse anali Duane Pagel, mlimi wa ng'ombe zamkaka, amene akatsokomola alimi anzake onse ankatsokomolanso. M'mawa wina wa mu Malichi analowa akusansa chipale chofewa ku nsapato, nakhala pampando wa kutsogolo kwa Lyle.

"Mapepala anga ugwire iweyo, mdala," anatero. "Mwanayo azikaphunzirira pa ena."

Marit anamva, koma anangopitiriza ntchito yake.

Nkhani inali ya thirakitala imene Duane anagula zaka zitatu zapitazo n'kuigulitsa chilimwe chathachi. Chaka chimene anaigula, boma lalikulu la dziko lonse linamulola kuchotsera mtengo wake wonse pa msonkho kamodzi n'kamodzi. Boma la Wisconsin silivomera zimenezo, limati uzichotsera pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Choncho thirakitala imodzi imakhala ndi mawerengero awiri, ndipo poigulitsa, phindu lolipirira msonkho limasiyananso.

Lyle anasindikiza mapepala monga kompyuta inawatulutsira, natenga cholembera kuti asaine. Duane anayang'ana msonkho wa Wisconsin n'kuimba mluzu.

"Akufuna ndiwapatsenso ng'ombe zomwe?"

"Adadi, musasaine kaye," anatero Marit. Anali ataima pambali pa makina osindikizira, tsamba limodzi lotsala lili m'manja.

Lyle anaika cholembera pansi. Kumudzudzula pamaso pa Duane, mwa anthu onsewa!

"Tikambirana bwino akapita a Pagel," anayankha mouma.

"Akapita akhala atasaina. Taonani apa. Mbali ya boma lalikulu mtengo wa thirakitala watsala ziro, n'zoona. Nanga mbali ya Wisconsin yatsalanso ziro bwanji? Zaka zitatu zokha?"

"Ndi mmene yawerengera pulogalamuyo."

"Pulogalamu yatsopanoyo sikudziwa kanthu. Posamutsa zinthu kuchoka mu yakale ija, inangokopera manambala a boma lalikulu mbali zonse ziwiri."

Kutsutsa galu n'kukumba. Marit anapita kukabati, natulutsa faelo ya chaka chatha, n'kuitsegula patebulo. Apo panali mzere wa Wisconsin, wosonyeza kuti pafupifupi theka la mtengo wa thirakitala linali lisanachotseredwe. Duane akanalipira madola pafupifupi zikwi zinayi pa phindu limene sanapeze.

Lyle anavula magalasi. Amene anasamutsa zinthuzo mu Julayi anali iye mwini, yekha, atakana kuthandizidwa. Njira yothawira inalipo. Akanatha kunena kuti cholakwacho akanachiona ndithu pobwereza, ndipo Duane akanamukhulupirira monga mwa masiku onse. Manyazi anamugwira. Koma pansi pa manyaziwo panali chinthu china chimene chinkakula msanga: mwana wake waona pa tsamba limodzi chimene iye sanachione miyezi isanu ndi itatu.

"Duane," anatero, "ndalakwitsa ndine. Ndikanasaina, ndipo sindikanachiona ngakhale mawa kapena chaka chamawa. Wakupulumutsa ndi uyu."

Duane anatembenukira kwa mnzakeyo.

"Wakalamba eti?"

"Ndakalamba. Iwenso tadziyang'ana."

"Ndi angati ena amene kompyuta yakoyo yawachita chipongwe chotere?"

Anayankha ndi Marit.

"Khumi ndi mmodzi. Ndayamba kuwafufuza pompano muli mkati mokangana. Atatu mapepala awo anapita kale, tiwakonzanso sabata ino."

Duane anasonkhanitsa mapepala ake onse, nanyamuka ndi mpando womwe, n'kukauika kutsogolo kwa tebulo la Marit.

"Chemwali, tandikonzereni zimenezi," anatero. Aka kanali koyamba kumupatsa ulemu wotere.

Atamaliza, anadutsa m'chipinda chodikirira momwe munali alimi atatu atagwira makapu a khofi. Sanatsitse mawu ngakhale pang'ono.

"Amene anagulitsa makina chaka chino asalowe kwa mdalayo. Dikirani mwana wake."

Masana onse a tsiku limenelo palibe anakhala pampando wa kutsogolo kwa Lyle. Anthu ankamupatsa moni n'kumudutsa. Iye anapinda manja n'kumamvetsera Marit akufotokozera mlimi wina za mawerengero awiri aja, modekha. Pa zaka zonse makumi atatu ndi zinayi, Lyle anali asananyadirepo ntchito yake ngati tsiku limene panalibe mlimi womubweretsera ntchito.