Mfuko za pamsipu wa a Efraimu

A Efraimu atabwerako ku Malawi, komwe anathawira, nkhondo itatha, chinangwa choyamba chomwe anabzala chinadyedwa ndi mfuko. Kuyambira pamenepo anadana nazo. Kwa zaka makumi atatu anazitchera misampha m'munda, kudimba, ngakhale pamsipu wa m'munsi mwa phiri pomwe ankadyetsa mbuzi zawo, mpaka pamsipupo sipanaonekenso mulu wa mfuko ndi umodzi womwe.

Chaka chatha mvula inachedwa, ndipo itabwera inagwa yamphamvu. Pamsipu wa a Efraimu madzi anangoyenderera pamwamba. Koma mbali ya mayi Anifa, omwe anachita nawo malire, udzu unamera wobiriwira, ndipo mbuzi za a Efraimu zinkathawira komweko tsiku ndi tsiku.

Mwana wa a Efraimu, Vanda, tekiniko kapena kuti mlangizi wa zaulimi ku tauni ya Insaca, atabwera Loweruka lina anawauza kuti atenge khasu apite kumalireko.

"Takumbani apa, bambo," anatero, akuloza mulu wakale mbali ya mayi Anifa.

Khasu linalowa mosavuta. Dothi linali lofewa, lonyowa mpaka pansi. M'munsimo munali njira yosalala, ndi kachipinda komwe mfuko inaunjikamo timizu ta zomera za kutchire, tina titayamba kuphuka. Atayesa mbali yawo, khasu linangonjanja.

"Madzi amatsikira m'njira zimenezi," anatero Vanda. "Ndipo njere za udzu zimagwira padothi lomwe zimatulutsali."

A Efraimu anafikisa dothilo ndi zala.

"Kanyama kosaona bwino, kopanda khasu," anatero kenako. "Mano okha basi!"

Mlungu wotsatira anapeza mulu watsopano m'chinangwa chawo. Sanatchere msampha. Anakumba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika paliwombo, nagwira mfuko ziwiri zamoyo. Imodzi inawaluma chala chachikulu mpaka magazi. Anaziika m'ndowa n'kukazitsanulira pamsipu paja.

Mayi Anifa, omwe ankadutsa ndi nkhuni pamutu, anaima.

"Kodi a Efraimu, ndiwo mukuzitaya?"

"Iyayi mayi, zabwera kudzagwira ntchito."

Onse awiri anayang'anitsitsa. Mfukozo zinayamba kuteketa nthaka youma ija ndi mano, zikukankhira dothi kumbuyo ndi timiyendo. A Efraimu anang'amba kansalu kuti amange chala chawo, ndipo pomwe ankamaliza kumanga, yoyamba inali itabisa kale mutu ndi mapewa.

Pofika Malichi panali timilu khumi ndi tiwiri, ndi udzu wochepa m'mbali mwake. Vanda anabweretsa njere za chitsamba cha ombwe zoti abzale kuzungulira chinangwa, poti mfuko siziyandikira mizu yake. Mbuzi zikupitabe kwa mayi Anifa, omwe anena kuti apirira chaka chimodzi chokha.