Mpunga wa Nsomba wa Jainaba

Sulayman, woyendetsa takisi ku Banjul, anali atakangana ndi mkazi wake Jainaba, moti kunyumba mkaziyo sankamugawiranso chakudya. Tsiku lina masana ananyamula mzungu amene anatopa n'kuothera dzuwa pamchenga wa kunyanja.

"Ndiperekezeni komwe eni mzinda amadya," anatero mzunguyo.

Sulayman analunjika naye kunyumba kwake.

"Mayi a ana, mlendoyu anamva mbiri ya mpunga wanu wa nsomba adakali kwawo!" anatero Sulayman atafika.

Jainaba sakanabweza mlendo. Anayala mkeka n'kubweretsa mbale yaikulu yodzaza. Sulayman anathamangira kusamba m'manja.

"Musavutike, bambo," anatero Jainaba kwa mwamuna wake akumwetulira. "Kuno woyendetsa amadikira m'galimoto. Kapena mwaiwala kuti mwabwera ngati woyendetsa?"

Sulayman anatuluka akumeza malovu, mzunguyo atayamba kale kunyambita zala.