Nthambi Zisanu za Rozimeri

A Mipope anadzuka mbandakucha, n'kutunga madzi m'chitini, n'kuyenda monyang'ama kupita kuseri kwa nyumba. Dzina limeneli analitengera ku ntchito. Anakonza mipope ya anthu zaka makumi anayi, mpaka dzina lawo lenileni linangotsala pa chiphaso. Tsopano anali atapuma, ndipo chimwalirireni akazi awo ankakhala kwa mwana wawo wamwamuna.

Kuseriko kunalibe mthunzi ndi pang'ono pomwe. Dzuwa linkafika m'mawa n'kuweruka madzulo ngati wantchito wosajomba. M'mbali mwa mpanda, pa dothi la miyalamiyala, panali tinthambi tisanu ta rozimeri, mbewu ya fungo lokoma, totalika ngati chala. Anatibweretsa ndi mpongozi wawo, mphunzitsi wa ku pulayimale, kuchokera ku nyumba imene a Mipope ankakhala ndi malemu akazi awo. Kumeneko chitsamba chake chinali pakhomo la khitchini, ndipo mayiwo ankayanikapo mipango yawo kuti izinunkhira.

Chimene chinkawawawa a Mipope chinali kathiriridwe ka mpongoziyo: kapu imodzi, kamodzi pa sabata, m'chilimwe choterechi. Mumtima ankati mwana uyu analibe nazo ntchito, anangobzala kuti aoneke wabwino. Sanamufunse. Anangoyamba kuthirira okha mwakabisira, chitini chodzaza m'mawa uliwonse, ndipo ena akapita ku ntchito ankabwerezanso masana.

M'mawa umenewo anawerama n'kuona kuti tinthambi tinayi tada kuyambira pansi. Atagwira kamodzi, masamba anangoyoyoka.

Linali Loweruka, ndipo onse anali pakhomo. Pa nthawi ya tiyi a Mipope sanathe kudzigwira.

"Mayi, mukanandiuza kuti simukuzifuna mbewu zija. Zauma ndi ludzu madzi ali pampopi."

Mwana wawo anafuna kuyankha, koma mkazi wake anamugwira mkono. Mpongoziyo anaika kapu pansi, n'kutuluka, n'kubwera ndi kanthambi kamodzi m'manja. Mizu yake inali yakuda, yoterera, yonunkha ngati ngalande.

"Bambo, si ludzu ayi. Zaola. Mbewu imeneyi imadana ndi chinyontho. Ndikuganiza kuti pansi paja pali paipi yothontha. Inu ndiye katswiri, mungatithandize kuipeza?"

A Mipope anameza tiyi wotentha osaumva. Anakatenga khasu ndi sipanala, n'kuyamba kukumba m'mbali mwa mpanda, akudziwa bwino kuti paipi ya nyumbayo inadutsa kumaso. Anakumba mpaka dzuwa linafika pamutu. Ankadziuza kuti angathe kungonena kuti apeza pothontha ndipo amanga, nkhani ithere pomwepo. Ndani akanatsutsa munthu wa zaka makumi anayi pa ntchito? Koma mawu amene analankhula pa tiyi paja ankawabaya. Anamunyoza mwana wa eni ake pamaso pa mwamuna wake, wolakwa ali iwo.

Mpongoziyo anabwera ndi madzi akumwa, n'kugwada powapatsa.

"Yapezeka, Bambo?"

"Yapezeka," anatero, maso ali pansi. "Paipi yothonthayo ndine. Ndakhala ndikuthirira kawiri pa tsiku. Safunsa anadya phula, mayi. Mundikhululukire pa zimene ndayankhula zija."

Mpongoziyo anabisa kuseka ndi dzanja.

"Ndinayamba kukayika dzana, nditaona mapazi a patapata zanu pamatope. Koma ndikanayamba bwanji kuletsa apongozi kuthirira mbewu ya akazi awo?"

"Ndiye mwandikumbitsa dala?"

"Malo amenewa timafuna kulimapo kale."

Anaseka onse awiri, koyamba chibwerereni a Mipope pakhomopo. Kenaka mkuluyo anati palibe kanthu, Lolemba apita okha ku nyumba yakale kukapempha nthambi zina. Mpongoziyo anasiya kuseka.

"Kulibenso, Bambo. Eni nyumba anachizula, pamalo paja anathirapo simenti. Tsiku limene ndinapita ndinachipeza kudzala, chitagona masiku awiri. Ndinasankha nthambi zimene zinali zikadali zaziwisi. Sindinafune kukuuzani."

A Mipope anakhala pansi pa mulu wa dothi. Anamuona m'maganizo mayi ameneyu, atavala zovala za ku ntchito, akufufuza m'zinyalala za anthu osawadziwa chifukwa cha iwo. Anayang'ana kanthambi kotsalako. Kanali kumapeto kwa mzere, kumene chitini chinkafika chitatsala pang'ono kutha.

"Kodi malemu apongozi anu aja sankathirira?"

"Ayi. Ankati mbewu iyi imafuna dzuwa, mchenga ndi kuiwalidwa. Anandiphunzitsa chaka chimene ndinakwatiwa."

Zaka makumi atatu a Mipope ankadutsa pa chitsamba chija popita ndi pobwera ku ntchito, osaonapo zimenezo. Madzi akatayika saoleka, koma kanthambi kamodziko kanalipo.

Madzulo omwewo anakazula mosamala. A Mipope anasefa mchenga, n'kuswa njerwa zakale ndi hamala, ndipo anaunda kamulu koti madzi asamaimepo. Mpongozi anawasonyeza kulowetsa chala m'dothi: chikatuluka ndi chinyontho, musathire. Chitini chija anachipereka okha m'manja mwake kuti akachibise.

Masabata oyamba anali ovuta. Dzuwa likaswa mtengo, a Mipope ankaima pa kamuluko manja ali kumbuyo, ngati munthu amene waletsedwa fodya. Kanthambiko sikankafa, sikankakulanso. Patapita mwezi, anaona timasamba tanthete kunsonga. Sanadikire kuti mpongozi aweruke. Anapita kukamuchingamira pamsewu, n'kumulandira chikwama cha makope, chinthu chimene chinadabwitsa anthu oyandikana nawo.

Chaka chotsatira mvula inavuta. Mipopi inkauma masiku atatuatatu, kapinga wa anthu anasanduka fumbi, maluwa a m'miphika anafa. Koma kuseri kwa nyumba ija rozimeri inali itafika m'mawondo, yobiriwira ngati sikumva za chilalacho.

Tsiku lina masana, mpongozi akuchonga makope pakhonde, a Mipope anabwera n'kukhala pa mpando wapafupi. Anali atathyola kanthambi, akukafikisa m'manja.

"Mayi, ine ndinabereka mwana mmodzi, ndipo ndinkadandaula nazo. Sindinkadziwa kuti wina akundikulira kwina."

Mpongoziyo sanadzutse mutu. Cholembera chinaima pakati pa tsamba, ndipo anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Zikomo, Bambo."

"Wothokoza ndine."

Kumpanda kuja, timaluwa toyamba tamtundu wa mtambo tinali titatseguka, ndipo njuchi ziwiri, zochokera kaya kuti m'dziko louma chonchi, zinali zitazipeza kale.